Wogulitsa magetsi ndi mmodzi, mayunitsi sakufika kumapeto kwa mwezi: yankho kwa mayi wa kwa Mpondasi

Mayi wina wa kwa Mpondasi ku Mangochi watilembera pa imelo. Akuti kale tokeni ya K30,000 inkawafikitsa kumapeto kwa mwezi, koma pano ikumatha tsiku la 18 lisanakwane. M'nyumba mwawo muli filiji yaikulu yosungira nsomba ndi mafirizi ogulitsa, mafani atatu, hotipuleti, giza yaing'ono, komanso mabanja awiri a lendi kuseri omwe amagwiritsa mita yomweyo. Funso lawo ndi ili: "Foni ikandidula ndimasiya Airtel n'kupita ku TNM. Bwanji magetsi ndi ESCOM yokha? Kukanakhala kampani ina, si bwenzi mitengo itatsika?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Funsoli ndi lomveka, ndipo tikuyankhani mosabisa: kampani yachiwiri yodzakoka waya kufika pakhomo panu musaiyembekezere, ndipo ngakhale itabwera, mtengo sungatsike monga mukuganizira. Koma pa zimene mwafotokoza, tikuona mayunitsi ambiri omwe mungawapulumutse mwezi uno womwe.

Kampani ya foni ikadzika nsanja imodzi paphiri, mudzi wonse wapeza netiweki. Magetsi amafuna waya wogwirika kuchokera kumene akupangidwa mpaka pa mita yanu. Taganizirani mapolo ochokera pa Boma kupita ku Namwera, ku Monkey Bay, mpaka ku Makanjira, ndi mathiransifoma onse ali m'njiramo. Kampani yachiwiri itadzika mapolo ake pambali pa amenewo, ndalama zomangira zingakhale kawiri pomwe makasitomala ndi omwewo, ndipo wolipira zonsezo ndi inu. N'chifukwa chake ngakhale kumaiko olemera waya wofika panyumba umakhala wa kampani imodzi. Ku Britain munthu amasankha kampani yomugulitsa magetsi, koma makampaniwo amangogula ndi kugulitsa, waya ndi umodzi womwewo. Gasi atakwera mtengo mu 2021, makampani oposa 20 otere anagwa, ndipo mitengo inakwerabe kwa aliyense.

Kuno kwathu mpikisano unalowako mbali imodzi. Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, ESCOM inagawidwa. Kuyambira Januwale 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi kunyamula magetsiwo, kuwagawa ndi kuwagulitsa. Makampani omwe si aboma analoledwa kupanga magetsi. Ndi mmene panabwerera munda wa sola wa mamegawati 60 ku Salima mu 2021, ndi wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza. Koma onsewa sagulitsa kwa inu. Amagulitsa kwa wogula mmodzi, magetsiwo n'kulowa m'mawaya a ESCOM. Komwe kuli ogulitsa ena ndi kumidzi yomwe mawayawa sanafike, monga kwa Bondo ku Mulanje ndi kwa Sitolo ku Mchinji, komwe kuli timakampani ta magetsi a m'dera. Kumenekonso munthu sasankha, wogulitsa ndi mmodzi.

Nanga mtengo ukukwereranji? Madzi omwe amapanga magetsi ambiri a dziko lino amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pomwepa, kulowa mu Malombe, kudutsa pa baraji ya ku Liwonde, kukazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madziwo ndi aulere. Zina zonse n'zogula ndi dola: mathiransifoma, mawaya, mamita, zipangizo zokonzera makina, dizilo wa majenereta. Mapangano ndi makampani a sola nawonso amatsatira dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndondomeko ya mitengo ya magetsi imalola kusintha mtengo kwacha ikagwa kapena katundu akakwera. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Onjezani magetsi otayikira m'mawaya aatali, obedwa ndi olumikiza mwachinyengo, mathiransifoma oonongedwa ndi akuba mafuta ndi kopa, komanso ngongole za mabungwe omwe salipira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi, choncho katundu yenseyu akusenzedwa ndi anthu ochepa.

Pamenepa sitikuikira kumbuyo aliyense. Zina mwa zifukwazi ndi zoona ndipo kampani iliyonse ikanakumana nazo. Koma zina, monga kutayika kwa magetsi ndi ngongole zosatoleredwa, ndi zomwe kampani yokhala ndi mnzake wopikisana naye ikanathamangira kukonza poopa kuthawidwa. Apa ndi pomwe mlandu wanu uli ndi mutu. Popeza simungathawe, lamulo linaika MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti ikhale pakati pa inu ndi wogulitsa. ESCOM siikweza mtengo payokha, imapempha ku MERA. Mtengo waukulu umakonzedwa wa zaka zinayi, ndipo womwe ulipowu unayamba mu 2023. Usanavomerezedwe pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu, ndipo pamaikidwa zomwe kampaniyo iyenera kukwaniritsa, monga kuchepetsa magetsi otayika ndi kulumikiza msanga omwe analipira. Zimatiwawa kuti pa misonkhano yotere mawu omveka kwambiri amakhala a mafakitale akuluakulu, pomwe mayi wogulitsa chambo ndi mwini chigayo cha ku Malindi mawu awo safika. Gulu la amalonda a pamsika, eni malo ogona alendo a kunyanja, kapena komiti ya m'dera angathe kulemba kalata imodzi ku MERA, yokhala ndi masiku ndi maola omwe magetsi anathima ndi katundu yemwe anaonongeka. Kalata ya manambala imavuta kuinyalanyaza kusiyana ndi dandaulo la pa wailesi.

Tsopano tilowe m'nyumba mwanu, chifukwa ndi momwe muli ndalama zanu.

Choyamba siyanitsani zinthu ziwiri zomwe anthu amazisakaniza: mtengo wa yuniti, ndi kuchuluka kwa mayunitsi omwe nyumba ikudya. Tengani uthenga wa tokeni wa chaka chatha ndi wa mwezi uno, kaya munagula pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki. Gawani ndalama ndi mayunitsi omwe munalandira. Zotsatirazo ndiye mtengo weniweni wa yuniti, msonkho ndi zolipira zina zili momwemo. Ngati mayunitsi a K30,000 achepa, vuto ndi mtengo. Ngati sanachepe kwambiri koma akutha msanga, vuto lili m'nyumba. Kawirikawiri zimakhala zonse ziwiri.

Nkhani ya alendi anu ndi yaikulu kuposa mmene mukuionera. Pa mtengo wa m'nyumba wa mita ya tokeni, mayunitsi 50 oyamba kugulidwa pa mwezi amakhala otsika mtengo, otsatirawo n'kukwera. N'chifukwa chake tokeni yoyamba pa mwezi imapereka mayunitsi ambiri kuposa yachiwiri ya ndalama zomwezo, ndipo anthu amaganiza kuti ajenti wawabera. Mayunitsi otsikawo ndi a mita, osati a banja. Mabanja atatu pa mita imodzi akugawana 50 imodzi, pomwe aliyense akanakhala ndi mita yake pakanakhala 150. Choipa china n'chakuti munthu yemwe amalipira ndalama yokhazikika pamodzi ndi lendi alibe chifukwa chozimitsira hotipuleti. Njira yabwino ndi kufunsira mita ya nyumba iliyonse. Podikira, gulani timamita tating'ono towerengera, wamagetsi wovomerezeka aike pa waya wopita ku nyumba iliyonse, aliyense azilipira zomwe wadya. Timamitati sititsitsa mtengo, koma timathetsa kukangana, ndipo anthu amayamba kusamala okha.

Yuniti imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chikuyaka ola limodzi. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena pansi kolembedwa mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola, gawani ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Mukawerengera chonchi muona kuti zodya magetsi ndi zomwe zimatenthetsa kapena kuziziritsa. Wailesi, TV ndi kutchaja foni n'zazing'ono, musavutike nazo ana.

Giza ndiye woyamba kumukayikira. Kutenthetsa malita 100 a madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 4. Mukachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndi mayunitsi 120 pa mwezi, osawerengera omwe imadya pobwezeretsa kutentha ikasiyidwa yoyaka usana ndi usiku. Mu Okutobala muno, madzi a m'thanki ya padenga akutuluka ofunda kale, giza ilibe ntchito. Izimitseni pa bokosi la maswitchi mpaka mwera udzabwere mu Juni, ndipo nthawi imeneyo muziyatsa ola limodzi musanasambe basi. Onaninso paipi yake yotayira madzi kunja. Ngati ikudontha madzi otentha mosalekeza, kapena madzi akutuluka owira ngati a tiyi, thermostat (kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha) yafa ndipo elementi ikungoyaka osapuma. Kusintha thermostat n'kotchipa kuyerekeza ndi mayunitsi omwe ikutaya.

Filiji yanu ndi ya bizinesi, choncho sitinganene kuti muizimitse. Yabwinobwino yotsekula pamwamba imadya yuniti imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Yakale, yoikidwa m'chipinda cha malata chopanda siling'i, ingafike pa atatu kapena kuposa. Filiji imagwira ntchito potulutsa kutentha kumbuyo ndi m'mbali mwake, ndiye ikapanikizidwa kukhoma m'chipinda chotentha, injini yake siipuma. Isunthireni malo ozizira kwambiri m'nyumbamo, kutali ndi hotipuleti ndi zenera lolowa dzuwa, musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposa mbali zonse. Tsekerani kapepala pa chitseko, kenako kakokeni. Kakatuluka mosavuta, labala watha ndipo mpweya wozizira ukuthawa. Yesani malo anayi kapena asanu kuzungulira chitsekocho, makamaka m'makona. Ayezi akakhuthala kupitirira theka la sentimita, sungunulani, koma osagwiritsa mpeni chifukwa mukaboola paipi gasi yense wapita. Madzi a mafirizi azizire kaye mu ndowa asanalowe. Kuika zofunda m'filiji n'kulipira kawiri, potenthetsa ndi poziziritsa. Filiji yodzaza imasunganso kuzizira nthawi yaitali magetsi akathima, ndiye malo opanda kanthu ikanimo mabotolo a madzi.

Pomwepo gulani fridge guard. Magetsi akabwerera atathima, amatha kubwera ofooka kapena amphamvu kupitirira mavoloti 230, ndipo injini ya filiji ikayesa kudzuka pa magetsi ofooka imatentha n'kupsa. Kachipangizoka kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa.

Mafani atatu a mawati 55 oyaka maola 10 usiku ndi mayunitsi 1.65 pa tsiku, pafupifupi 50 pa mwezi. Ku Mangochi palibe angakuuzeni kugona opanda fani, ingozimitsani m'chipinda chopanda munthu chifukwa fani imaziziritsa thupi, osati chipinda. Mababu akunja ndi omwe amaiwalika. Anayi akale a mawati 100 oyaka maola 12 amadya mayunitsi 144 pa mwezi. Anayi a LED a mawati 10 amadya 14 okha.

Kuphika kukufunika kuwerengera bwino, chifukwa apa ndi pomwe pali mpikisano weniweni womwe mukuufunawo: magetsi, gasi ndi makala. Hotipuleti ya mawati 1,500 yophika nsima kwa theka la ola imadya yuniti yosakwana imodzi. Nyemba zouma zophika maola awiri ndi theka zimadya mayunitsi atatu kapena anayi. Nyemba zomwezo mukaziviika usiku wonse n'kuziphika mu pressure cooker ya magetsi, sizikwanitsa ngakhale yuniti imodzi, chifukwa mphikawo ukatentha umadzizimitsa wokha n'kumangoyaka pang'onopang'ono. Poto wopindika pansi amataya moto wambiri popeza sagunda mbale ya hotipuleti bwinobwino, ndipo kuphika osavundikira n'kutaya mayunitsi mu nthunzi. Madzi a tiyi wiritsani mu ketulo ya magetsi, okwanira makapu omwe alipo. Lita imodzi imadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti.

Musanathamangire makala, yerekezani chonchi. Kilogalamu imodzi ya gasi imaphika zofanana ndi mayunitsi pafupifupi 10 pa hotipuleti. Kilogalamu imodzi ya makala pa mbaula wamba imaphika zofanana ndi mayunitsi pafupifupi atatu, chifukwa moto wambiri umathawira m'mbali. Pimani kajumbo ka makala komwe mumagula pamsika, funsani mtengo wa gasi pa kilogalamu, muyerekeze ndi mtengo wa yuniti womwe mwaupeza pa tokeni paja. Mabanja ambiri akawerengera amadabwa kuti makala ogula pang'onopang'ono tsiku lililonse akuwadyera ndalama zambiri kuposa magetsi, kungoti sizioneka chifukwa zimachoka pang'onopang'ono. Ndipo mitengo yotha ku Namizimu ndi ku Phirilongwe ndi yomwe imasiya nthaka ikukokolokera m'mitsinje. Matope ndi zinyalala zotere zikafika mu Shire zimakatseka makina ku Nkula, magetsi n'kuthima m'nyumba mwathu momwe.

Mukakonza zonsezi mayunitsi n'kumathabe modabwitsa, fufuzani ngati pali pomwe akutayikira. Madzulo ena zimitsani ndi kuzula chilichonse, filiji yomwe, uzaninso alendi achite chimodzimodzi, koma main switch isiyeni yoyaka. Lembani mayunitsi otsala pa kiipadi, dikirani ola limodzi, werenganinso. Mamita ambiri alinso ndi kagetsi kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yapita yuniti imodzi. Zonse zitazimitsidwa kasamaphethire. Ngati kakuphethirabe, gwetsani mabuleka mmodzimmodzi mpaka kasiye, ndipo buleka yomwe yakasiyitsa ndiyo ikuonetsani mzere wa vuto. Nthawi zambiri amakhala waya wokwiriridwa pansi wopita kunyumba ya kuseri kapena kugeti, wolumikizidwa ndi tepi, wodyedwa ndi makoswe kapena wolowa madzi nthawi ya dzinja. Nthawi zina amakhala mnansi wolumikiza mobisa. Mukamva kugwedeza pogwira mpopi kapena chitseko cha filiji, itanani wamagetsi tsiku lomwelo. Pamenepo nkhani si ya ndalamanso, ndi ya moyo wa ana.

Mita mungaiyesenso nokha osaitsekula. Zina zonse zili zozimitsa, yatsani ketulo ya mawati 2,000 yodzaza madzi kwa mphindi zitatu. Iyenera kudya 0.1 ya yuniti, kapena kuphethira ka 100 pa mita ya 1000 imp/kWh. Kusiyana pang'ono si vuto. Ikadya kawiri, pitani ku ofesi ya ESCOM pa Boma mukapemphe kuti mita iyesedwe, mutenge nambala ya dandaulo lanu, musunge ndi tsiku. Funsaninso ngati mita ili pa mtengo wa m'nyumba komanso ngati palibe ngongole yakale ya pamalopo yomwe ikudulidwa pa tokeni iliyonse. Nkhani ikapanda kuyenda, pitani nayo ku MERA ndi nambala ija. Anyamata olonjeza kuchedwetsa mita kapena kudumphitsa waya akanireni kutali. Ndi mlandu, chindapusa chake chimaposa zomwe mwapulumutsa, ndipo malumikizidwe otere ndi omwe amatentha nyumba.

Za sola, dzuwa la kuno ndi lokwanira, koma anthu ambiri amagula mosawerengera. Panelo ya mawati 300 imapereka mayunitsi pafupifupi 1.2 pa tsiku mukachotsa zotayika. Batire wamba ya 12V 200Ah imasunga mayunitsi 2.4, koma ogwiritsa ntchito ndi theka lokha. Mukamaikhuthula yonse usiku uliwonse, siitha chaka, ndipo kutentha kwa kuno kumaifupikitsanso moyo ikaikidwa m'chipinda chosapita mphepo. Ya lithium imadula pogula koma imalola kugwiritsa ntchito 80 peresenti kapena kuposa ndipo imakhalitsa. Mapanelo awiri a 300 ndi batire imodzi yabwino angathe kunyamula mababu, TV ndi fani imodzi kapena mafani awiri. Filiji ikufuna mapanelo owonjezera, batire yachiwiri, ndi inveta ya mtundu wa pure sine wave ya mawati 1,000 kapena kuposa, chifukwa podzuka injini imakoka mphamvu kangapo kuposa yolembedwa pa kachikwangwani. Hotipuleti, simbi ndi giza musazike pa sola yaing'ono. Pakhalenso switchi yosinthira pakati pa sola ndi ESCOM, yoikidwa ndi wodziwa ntchito, kuti magetsi anu asabwerere m'mawaya a panja pomwe wina akukonza pa polo. Fumbi la chilimwe limatsitsa mphamvu ya mapanelo, muziwapukuta ndi madzi m'mamawa sabata iliyonse asanatenthe.

Pa ndalama zomwe zilipo lero, sitingakulangizeni kuyamba ndi sola. Yambani ndi zosalira ndalama: giza izime, filiji isunthe, kuyesa kwa ola limodzi kuja kuchitike. Kenako mababu a LED, labala wa filiji, timamita ta alendi, pressure cooker. Kwa masiku 7 lembani mayunitsi otsala pa kiipadi nthawi ya 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, giza ili yoyaka masiku atatu oyamba, kenako yozimitsa kuyambira tsiku lachinayi kuti muone kusiyana. Mukatitumizira manambala 14 amenewo pamodzi ndi mawati a filiji, tidzatha kukuuzani ngati filijiyo ndi yoyenera kukonza kapena kusintha, ndi kukula kwa sola yomwe ingainyamule.